Nyumba Yoyamba: Thumba Liyambe Layankhula

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu ya za chuma cha pabanja. Lero tikamba za nyumba yoyamba: mmene munthu angawerengere ndalama zake asanagule, ndi zimene ayenera kuika patsogolo ndalamazo zikalephera kukwanira zonse zimene mtima ukufuna.

Aliyense amene anakhalapo pa lendi m'tauni akudziwa chifukwa chake nkhaniyi imatentha mumtima. Mwezi usanathe n'komwe, landilodi wafika kale pakhomo. Chaka chikangoyamba, lendi yakwera. Tsiku lina mungouzidwa kuti mwana wa eninyumba akulowa m'banja, ndiye musamuke mwezi ukamatha. N'chifukwa chake munthu akangogwira kandalama, kaya ka penshoni, ka fodya, ka ku Joni kapena ka ngongole ya kuntchito, amafuna athawe lendi mawa lomwe. Khumbo limenelo ndi labwino. Koma phuma lake ndi limene lasiya mabanja ambiri ali ndi ngongole yosatha, ena ali ndi nyumba yoima pa mawindo zaka ndi zaka, enanso ali ndi malisiti okha m'manja, malowo atapezeka kuti ndi a munthu wina.

Ambirife timayambira kolakwika. Timayamba taona nyumba, mtima n'kuikonda, kenako n'kumafunafuna kumene tingapeze ndalama zoti zifanane ndi mtengo wake. Ine ndikuti titembenuze. Thumba liyambe layankhula, maso abwere pambuyo.

Tengani kope, amayi ndi abambo mukhale pansi limodzi. Kwa miyezi itatu lembani ndalama iliyonse yolowa ndi iliyonse yotuluka. Ngati muli pa ntchito, lembani imene imafika m'manja msonkho ndi penshoni zitadulidwa kale, osati ija yolembedwa pamwamba pa pepala la malipiro. Ngati ndinu a geni, musawerengere za Disembala pamene malonda amayenda bwino. Werengerani mwezi wovuta ngati Febuluwale, chifukwa ngongole ya nyumba idzafunanso kubwezedwa mwezi umenewo.

Ku mbali ya zotuluka, chakudya, makala, mayunitsi a magetsi ndi thiransipoti sitiiwala. Zimene timaiwala ndi zija zosabwera mwezi ndi mwezi koma zosalephera kubwera: fizi ya ana teremu ikamayamba, feteleza wa makolo kumudzi, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, maliro, matenda, ukwati wa mphwanu. Kwathu kuno malipiro a munthu mmodzi amadyetsa makomo angapo, ndipo bajeti yonamizira kuti achibale kulibe imagwa m'chaka choyamba. Ziwerengeni za chaka chonse, muzigawe pa miyezi 12, muzichotse. Yotsalayo ndiyo mphamvu yanu yeniyeni.

Mukaipeza, iyeseni kaye. Ngati mukuganiza kuti mungathe kumabweza K400,000 pamwezi pamene lendi yanu panopa ndi K150,000, ndiye kuti K250,000 yapamwambayo muziisunga padera mwezi uliwonse kwa theka la chaka, osaikhudza. Mukakwanitsa, mwadziwa kuti mungathe, komanso mwapeza poyambira. Mukaona kuti mwezi wachitatu mwaitapamo kale, mwadziwa choonadi musanasayine pepala lililonse.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano tibwere ku ngongole ya kubanki, chifukwa apa m'pamene pamafunika kutchera khutu. Ngongole zogulira nyumba si zachilendo m'dziko muno. Banki ya NBS inayamba mu 1964 ngati New Building Society, bungwe lobwereketsa ndalama za nyumba, isanasanduke banki mu 2004, ndipo mabanki ena monga National Bank ndi Standard Bank nawonso amapereka ngongole zotere. Vuto lagona pa chiwongoladzanja. Mu Febuluwale 2024, Reserve Bank of Malawi inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti, ndipo mlingo umenewu ukakwera, ngongole za m'mabanki nazo zimakwera mtengo.

Ndikupatseni chitsanzo chongowerengera, kuti mumve kulemera kwake. Tiyerekeze kuti mwabwereka K30 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti pachaka, kuti mubweze pa zaka 15. Mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K640,000. Pa ndalama ya mwezi woyambayo, K625,000 ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Yochepetsa ngongole yeniyeniyo ndi yongopitirira pang'ono K15,000. Zaka 15 zikamatha, mudzakhala mutapereka ndalama zoposa K115 miliyoni pa K30 miliyoni imene munatenga.

Ndibwereze, chifukwa pawailesi manambala amathawa: mwatenga K30 miliyoni, mwabweza zoposa K115 miliyoni.

Ngongole yomweyo mukaibweza pa zaka 10, pamwezi muzipereka pafupifupi K682,000. Mwangowonjezera K42,000 yokha pamwezi, koma zonse pamodzi zikhala pafupifupi K82 miliyoni. Mwapulumutsa K33 miliyoni. Choncho chiwongoladzanja chikakhala chokwera chonchi, kutalikitsa zaka sikupeputsa kwenikweni katundu wa pamwezi, kumangochulukitsa zimene banki idzatenge. Afunseni a kubanki akuwerengereni zaka zosiyanasiyana papepala, ndipo muwafunsenso ngati amalola kubweza msanga popanda chindapusa.

Chinanso: ngongole zambiri chiwongoladzanja chake chimasintha. Pa chitsanzo chathu cha zaka 15 chija, chikachoka pa 25 kufika pa 30 peresenti, ya pamwezi ija imachoka pa K640,000 kufika pafupifupi K759,000, malipiro anu ali pomwepo. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti ya pamwezi isapitirire gawo limodzi la magawo atatu a ndalama imene mumatenga kunyumba. Banki ikhoza kukulolani yoposa pamenepo. Musaitenge yonse chifukwa chakuti yaperekedwa. Banki ili ndi chikole, chomwe ndi nyumba yanuyo, ndipo mukalephera kubweza ili ndi mphamvu yoigulitsa.

Za katapila ndinene mwachidule: asalowe m'nkhani ya nyumba, ngakhale pa thumba limodzi la simenti. Banki mkhonde ndi chipereganyu n'zothandiza pogula malata kapena zitseko, zinthu zoti mubweza m'miyezi yochepa. Pa ndalama zokulirapo, SACCO ya kuntchito kapena ya m'dera lanu ndi malo oyenera kukafunsako, muyerekeze ndi za kubanki.

Palinso nkhani ya kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Amene anali pakati pomanga nthawi imeneyo akukumbukira mmene mitengo ya simenti, malata, zitsulo ndi penti inalumphira. Phunziro lake pa bajeti n'lakuti mtengo umene mmisiri wakuwerengerani lero si umene mudzamalizire. Ikani padera ndalama ina yoyembekezera kukwera kwa zinthu. Ndipo ngati malo muli nawo kale ndi posungira podalirika, ndi bwino kugula malata ndi zitsulo msanga kusiyana n'kusunga ndalama yake pansi pa pilo. Simenti yokha musaunjike, chifukwa ikakhalitsa kapena ikamva chinyezi imauma n'kusanduka mwala.

Mtengo umene wogulitsa watchula si ndalama yonse imene ituluke m'thumba mwanu. Loya amene alembe mapepala osinthira umwini alipidwa. Boma litenga msonkho wa sitampa. Banki ifuna katswiri woona mtengo weniweni wa nyumbayo, ifuna inshulansi, komanso kawirikawiri ifuna kuti gawo lina la mtengowo mulipire nokha. Ngati pali dobadoba amene anakulozerani nyumbayo, naye adikira yake, choncho gwirizanani poyambirira kuti amulipira ndani. Mukalowa, msonkho wa khonsolo ndi lendi ya nthaka zikhala zanu chaka ndi chaka. Funsaninso ngati mwini wakale sanasiye ngongole ku khonsolo, ku ESCOM kapena ku bungwe la madzi, chifukwa ngongole zotere zimavutitsa wolowa kumene. Ndipo musalowe m'nyumba yatsopano thumba lili mbee. Siyani ndalama yoti banja lingadye miyezi itatu ntchito itaima, chifukwa denga likadontha simudzakhalanso ndi landilodi womuimbira foni.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za bajeti ya nyumba yoyamba. Tafika pa funso loti ndalama zikachepa, tiyambe chiti, tisiye chiti.

Muyeso wanga ndi umodzi. Pa chilichonse dzifunseni kuti: kodi ichi ndingadzachikonze ndili m'nyumbamo? Ngati mungadzachikonze, chidikire. Ngati simungadzachikonze, musanyengerere ngakhale mtengo utatsika bwanji. Matayilosi mudzaika. Siling'i mudzakhoma. Mpanda wa njerwa udzabwera, pakadali pano wa udzu kapena wa maluwa ugwira ntchito. Chipinda chachitatu mudzawonjezera ana akamakula. Koma mapepala a malo, nthaka imene nyumbayo yakhalapo, ndi mtunda wochoka pamenepo kukafika kumene mumapezera chakudya, zimenezi ndalama ya mtsogolo singazisinthe.

Tiyambe ndi mapepala, pakuti misozi yambiri yagwera pamenepa. M'mizinda yathu mapoloti ambiri ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, kapena Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964. Munthu amapatsidwa malowo pa lizi, nthawi zambiri ya zaka 99, ndipo akafuna kugulitsa pamafunika chilolezo cha amene anamupatsa liziyo. Choncho funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: malo ano ali pansi pa ndani, ndipo nambala ya poloti ndi chani? Mukatenga nambalayo, pitani nokha ku ofesi yoyenera, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, mukafufuze m'kaundula. Kaundulayo akuuzani dzina la mwini wake, komanso ngati malowo anaikidwa chikole kubanki kapena pali wina amene analetsa kuti asagulitsidwe. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chitupa cha unzika cha munthu amene akulandira ndalama zanu. Ndalama yofufuzira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene mungataye.

Wogulitsa akamati, "Perekani lero, pali wina akubwera ndi ndalama mawa," mtima wanu ukhale m'malo. Mawu amenewa ndi akale, ndipo cholinga chake n'chakuti musapeze nthawi yofufuza. Mwini weniweni saopa kupita nanu ku ofesi. Poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu ndi nkhani imene makhoti athu amaiweruza kawirikawiri.

Samalani kwambiri ndi nyumba ya masiye. Mwana mmodzi akhoza kukhala ndi makiyi ndi mapepala a malemu bambo ake, koma izi sizimpatsa mphamvu yogulitsa. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana onse. Funsani chikalata cha khoti chosonyeza amene anapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo mumve kuchokera kwa ena onse a m'banjamo. Mukapanda kutero mudzagula mlandu, komanso mudzathandiza kulanda ana amasiye pogona.

Nanga malo a kwa amfumu? Ambiri akugula kunja kwa mizinda, monga ku Njewa, ku Lumbadzi, ku Chileka, ku Lunzu kapena ku Mpemba, chifukwa kumeneko mtengo ndi wofikirika. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo a makolo. Kalata ya amfumu ndi mboni n'zofunika, koma musaimire pomwepo. Kafunseni ku ofesi ya malo ya kwa DC ngati malowo akuloledwa kugulitsidwa, ndi njira yoti alembedwe m'dzina lanu. Itanani woyeza malo aike mabikoni, eni minda yoyandikana nawo alipo. Ndalama ya ntchito imeneyi ilowe mu bajeti isanalowe ya njerwa. Kumbukiraninso kuti malo opanda mapepala ovomerezeka banki siwalandira ngati chikole.

Chachiwiri ndi nthaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchoka m'phiri la Soche, n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo tinataya abale athu ambiri. Ku Lilongwe, anthu a ku Mtandire akudziwa zimene mtsinje wa Lingadzi umachita ukasefukira. Sindikunena izi poweruza aliyense. Ambiri anamanga m'malo amenewo chifukwa n'kumene ndalama yawo inafika. Koma inu amene mukusankha lero, poloti ikatsika mtengo modabwitsa, funsani chifukwa chake. Mwina ili m'mphepete mwa mtsinje, m'dambo, pamtsetse wa phiri, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, kapena m'malo osungira msewu, momwe tsiku lina a khonsolo adzabwera kudzagwetsa.

Nthawi yabwino yoonera nyumba ndi Januwale kapena Febuluwale, mvula itagwa usiku. M'chilimwe malo aliwonse amaoneka abwino. M'dzinja m'pamene mumaona kumene madzi amadutsa, ngati msewu umapitika, ngati chimbudzi chimadzaza madzi, ngati chinyezi chikukwera m'makoma. Pa dothi la makande, lija limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, maziko amafuna ndalama zambiri, ndipo nyumba yomangidwa mosasamala imachita ming'alu. Tengani mmisiri wanu, osati wa wogulitsa, akwere kudenga aone ngati chiswe sichinadye matabwa, agogode makoma, ayang'ane mawaya a magetsi. Penti watsopano asakutengeni mtima. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo musachoke musanacheze ndi anthu oyandikana nawo, makamaka amayi a pamjigo kapena pa kiyosiki ya madzi. Iwo akuuzani ngati madzi amatuluka, ngati kuli akuba, ndiponso ngati malowo ali pa mkangano.

Chachitatu ndi mtunda. Poloti yakutali imatsika mtengo tsiku logula lokha, koma minibasi ndi kabaza muzilipira tsiku lililonse. Tiyerekeze kuti anthu awiri a m'banja akuwonjezera K3,000 aliyense patsiku pa thiransipoti, masiku 22 pamwezi. Imeneyo ndi K132,000 pamwezi, ana opita kusukulu tisanawawerengere. Ikani nambala imeneyo pambali pa mtengo wa nyumba musanasankhe. Ganiziraninso chipatala chapafupi usiku mwana akatentha thupi, ndi mtunda wokafika pa paipi ya madzi ndi polo ya magetsi, chifukwa kukoka zimenezi kuchokera kutali ndi ndalama ina yaikulu. Kwa mayi wa geni, kusamukira kutali ndi msika kukhoza kupha bizinesi imene imayenera kubweza ngongoleyo.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ena mukufunsa kuti, kodi ndigule yomangamanga kapena ndigule poloti ndizimanga pang'onopang'ono? Kunena zoona, Amalawi ambiri nyumba yoyamba amaipeza m'njira yachiwiriyi, ndipo pa chiwongoladzanja cha masiku ano ndi njira yanzeru kwa amene malipiro awo ndi ochepa. Msampha wake ndi pulani yaikulu. Munthu amayala maziko a zipinda zisanu, ndalama n'kuthera pa lintala, makoma n'kumanyowa ndi mvula zaka zingapo iye akulipirabe lendi. Jambulitsani pulani yoti imangidwe m'magawo, ivomerezedwe ndi khonsolo ngati muli mumzinda. Yambani ndi zipinda ziwiri, pabalaza, bafa ndi chimbudzi. Folerani, ikani zitseko ndi mawindo olimba, lowani. Lendi imene munkapereka ija isanduke simenti ya gawo lotsatira. Pa maziko ndi denga pokha musaumire, chifukwa kukonza zimenezi pambuyo pake n'kokwera mtengo kuposa kuzichita bwino poyamba. Ngati poloti ndi ya lizi, werengani bwino pepalalo, poti nthawi zambiri pamakhala nthawi yoikika yoti mukhale mutamanga.

Musachite manyazi ndi nyumba yaing'ono kapena dera losatchuka. Nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 25, ku Bangwe kapena ku Chibavi, yokhala ndi mapepala abwino ndi ngongole yoti mukuikwanitsa, imagonetsa tulo kuposa ya ku Area 47 imene ikukudyerani fizi ya ana.

Kwa abale athu amene mukutimvera muli ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku UK, amene mumatumiza ndalama kuti akuguleni kapena akumangireni: chikondi cha pachibale chisalowe m'malo mwa mapepala. Malowo alembedwe m'dzina lanu, ndalama zidutse kubanki kuti pakhale umboni, ndipo pakhale loya wovomerezeka, amene dzina lake mungalitsimikize ku Malawi Law Society. Tumizani ndalama m'magawo, gawo lina likatha ndipo munthu wina wapadera wakaliona ndi maso. Kuchita zimenezi kumatetezanso m'bale wanuyo ku manong'onong'o.

Nkhani yomaliza ndi ya m'nyumba mwenimweni. Ngati nonse awiri mwaikapo thukuta, wina malipiro, wina phindu la mandasi kapena la kaunjika, kambiranani za dzina limene lilembedwe pa mapepala, ndipo dziwani kuti n'zotheka kulembetsa mayina onse awiri. Lembaninso wilo. Ambiri timaopa kuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa, koma taona amayi ndi ana akutulutsidwa m'nyumba imene anathandiza kumanga, maliro asanathe n'komwe. Ngati mwatenga ngongole kubanki, funsani ngati ili ndi inshulansi yoti imalize ngongoleyo wobwerekayo akamwalira, ndipo mnzanu wa m'banja adziwe kumene mapepala onse akusungidwa.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakamba za mmene mungagwirizanirane ndi mmisiri, kuyambira pa mtengo wa ntchito mpaka kalipiridwe kake.

(NYIMBO YOTSEKERA)